K30,000 imene inatsala pang'ono kudzutsa ngongole ya 2016: mlandu wa khadi la banki ku Kasungu

Nkhani iyi ndi ya bambo wina wa zaka za m'ma 60, mlimi wa fodya wa bale kufupi ndi Chinkhoma, amene banki ina inawasumira ku khoti la majisitireti pa boma la Kasungu chifukwa cha ngongole ya khadi. Ndikuilembera anzanga maloya ndi maparalegal amene timalandira milandu ya ngongole yochokera m'maboma. Mayina a anthu ndi a banki ndawasiya.

Makhadi a ngongole si ambiri kwathu kuno. Khadi limene anthu ambiri ali nalo ndi lotapira ndalama zawo zomwe pa ATM. La ngongole mabanki amapatsa anthu a malipiro okhazikika, ndipo bambowa anali mmodzi wa iwo. Anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina ya fodya ku Kanengo, akuyang'anira alangizi a kumunda. Mu 2013 banki imene ankalandirirako malipiro inawapatsa khadi lotha kukongola mpaka K500,000. Ankagulira mafuta a galimoto ndi kulipirira fizi ya ana, banki n'kumadula kachigawo pa malipiro mwezi ndi mwezi. Kumayambiriro kwa 2016 kampani inachepetsa antchito, iwo n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. Chaka chimenecho tonse tikuchikumbukira: mvula inadukiza, mu Epulo boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ndipo chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinali pa 27 peresenti, mabanki akubwereketsa pamwamba pa apo. Ndalama zopumira ntchito anamangira nyumba kumudzi ndi kugulira chimanga. Pa khadi analipira komaliza mu Meyi 2016, ngongole itatsala pafupifupi K420,000. Mu Okutobala chaka chomwecho banki inawalembera kalata yotseka khadi ndi kuitanitsa ndalama zonse. Kenako kunangoti zii, kupatula mafoni a apo ndi apo ochokera ku kampani yotolera ngongole.

Mu Febuluwale 2024 kunabwera chisamani. Banki inkafuna K1,870,000 kuphatikiza chiwongoladzanja ndi zolipira maloya. Bambowa anachilandira okha, anasaina, n'kuchipinda n'kuchiika m'sutikesi. Nditawafunsa chifukwa chake anayankha mosabisa: "A loya, ine ndinkadziwa kuti ndikakangoponda kukhoti ndikagona m'chitokosi. Ndiye fodya akanamanga ndani?" Mnzawo wina wa kutchalitchi ndiye anawalimbitsa pa maganizo amenewa. Masiku oyankhira amene analembedwa pa chisamani atatha, maloya a banki anatenga chigamulo popanda wotsutsa. Mu Juni, msika wa Chinkhoma uli mkati, masherifu anafika pakhomo n'kunyamula njinga yamoto, sola ndi batire yake, ndiponso makina osokera a mayi a m'nyumba. Sindikhulupirira kuti mwezi umenewu unangochitika. Otolera ngongole amaidziwa bwino kalendala ya fodya, ndipo amadziwa kuti mlimi amene katundu wake wanyamulidwa mabelo ali pa okushoni amathamanga kukalipira osafunsa.

Anafika ku ofesi ndi kajumbo kodzaza mapepala: masheti a okushoni a zaka zingapo, kalata yowachotsa ntchito, khadi lenilenilo litathetheka pakona, chisamani, ndi kalata ija ya Okutobala 2016 itachita madontho a mafuta a nyale koma deti likuwerengeka. Pepala limenelo ndilo linali la mtengo wapatali kuposa onse m'jumbomo, ngakhale eni ake ankaliona ngati chikumbutso cha manyazi chabe.

Lamulo la Limitation Act, ndime 4, limati mlandu wochokera pa mgwirizano suyenera kupita kukhoti pakadutsa zaka 6 kuchokera pamene wodandaula anayamba kukhala ndi chifukwa chosumira. Ngongole ya khadi ndi mgwirizano. Tikawerenga kuchokera pa malipiro omaliza a Meyi 2016, nthawi inatha mu Meyi 2022. Tikawachitira chifundo a banki n'kuwerenga kuchokera pa kalata yoitanitsa ndalama zonse, inatha mu Okutobala 2022. Njira zonse ziwiri, chisamani cha 2024 chinachedwa ndi chaka ndi miyezi. Koma chitetezo chimenechi sichibwera chokha. Majisitireti sangachitulutse m'malo mwa wosumiridwa. Munthu ayenera kuchilemba yekha m'chikalata chodzitetezera, apo ayi ngongole ya zaka 8 imaweruzidwa ngati ya dzulo. Nditawafotokozera bambowa anapukusa mutu nati, "Komatu mlandu suwola." Ndinawauza kuti kubwalo la mfumu n'zoona, ndipo ngakhale m'malamulo ngongoleyo simafufutika. Chimene chimatha ndi mphamvu yoitolera kudzera m'khoti. Kusiyana kumeneku kunadzakhala kofunika kumapeto.

Choyamba chinali kuimitsa kugulitsa katundu, chifukwa njinga ikagulitsidwa pa okushoni ya masherifu, kupambana mlandu pambuyo pake sikuibweza. Tinapempha khoti liimitse kaye ntchito ya masherifu, ndipo pamodzi ndi pempholo tinaika lina loti chigamulo chichotsedwe. Sitinatsutse za kaperekedwe ka chisamani. Bambowa anasaina okha, ndipo kuyesa kukana saini yawo kukanangotiwonongera mbiri pamaso pa khoti pa nkhani imene tinali ndi mfundo yeniyeni. M'chikalata cholumbira tinanena zoona: kuti anaopa kumangidwa, kuti sanadziwe kuti ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa kutsekera munthu chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndi kuti ali ndi chitetezo choyenera kumvedwa. Tinamata kalata ya 2016. Mayi a m'nyumba analumbira paokha kuti makina osokera ndi awo, anagula ndi ndalama za banki mkhonde, ndipo buku la gulu lawo linachitira umboni. Makinawo anabwerera msanga.

Khoti linachotsa chigamulo, koma osati ulere. Popeza chigamulo chinatengedwa motsata ndondomeko, bambowa analamulidwa kulipira za masherifu ndi zimene banki inawononga potenga chigamulocho. Zinadya belo lathunthu ndi kachidutswa. Uwu ndiwo unali mtengo wa chisamani chogona m'sutikesi, ndipo ndi bwino kumuuza kasitomala za ndalamazi tsiku loyamba lomwe, asadzadabwe n'kuyamba kukayikira loya wake.

Tsiku lomwelo ndinawapatsa malangizo amene ndimapatsa aliyense wa ngongole yakale: asalipire ngakhale K500, asasaine pepala lililonse, asalembe uthenga, ndipo woimba foni aliyense amupatse nambala ya ofesi yathu. Chifukwa chake chili m'lamulo lomwe lija. Wokongola akavomera ngongole polemba ndi kusaina, kapena akalipirako pang'ono, zaka 6 zimayambiranso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Ndinapempha foni yawo, kaja ka mabatani, tinayang'ana mauthenga onse amene anatsalamo. Kuyambira 2016 tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limazindikira mauthenga a pa makina, choncho loya wakuthwa angathe kuimirira n'kunena kuti SMS ndi kalata yosainidwa. Tinapeza umodzi wokha wopita kwa otolera ngongole, wa mu 2021: "Ndamva, ndili kumaliro." Palibe chiwerengero, palibe lonjezo, palibe liwu loti ngongole. Umenewo sunandidetse nkhawa.

Nkhawa inabwera ndi yankho la banki. Tinalemba chitetezo chathu, n'kupempha fomu imene bambowa anasaina potenga khadi ndi stetimenti yonse kuyambira 2013. M'mapepala amene anabwera munali mzere umodzi: Ogasiti 2019, K30,000, yolowa kudzera pa foni. Loya wa banki anawerengera bwino lomwe. Zaka 6 kuchokera Ogasiti 2019 zikutha mu Ogasiti 2025, kotero chisamani cha Febuluwale 2024 chinali mkati mwa nthawi. Bambowa anakana kwamtuwagalu. Chaka chimenecho, iwo anati, analibe ngakhale ya fetereza. Nambala imene inatumiza sinali yawo, koma nditaiwerenga mokweza, mayi amene anakhala phee pa benchi anagwira pakamwa. Inali ya mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Kamwendo, m'boma la Mchinji.

Mmene otolera ngongole anaipezera nambalayo zinali pa fomu ya 2013, pa mzere wa wachibale wodziwitsidwa pakagwa vuto. Nthawiyo mtsikanayo anali ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu, ndipo nambala yake sanasinthe. Atabwera anafotokoza yekha. Bambo wina anamuimbira ali m'kalasi, nati apolisi anyamuka kale kupita kwa bambo ake, koma akatumiza kenakake tsiku lomwelo galimoto ibwerera. Anakongola kwa aphunzitsi anzake, anathamangira kwa ejenti pa Kamwendo kuika ndalama mu foni, n'kutumiza. Atatembenukira kwa bambo ake anati, "Ababa, nthawi ija n'kuti BP yanu itakwera. Ndikanakuuzani bwanji?" Mzere wa wachibale pa fomu sumusandutsa munthu chikole, ndipo iye sanasaine kalikonse ku banki. Ndimaona kuti ambiri a ife tikalandira mlandu wa ngongole yakale timafunsa kasitomala yekha ngati analipirapo. Funsolo liyenera kufika kwa mkazi, ana, ndi aliyense amene dzina lake lili pa fomu, chifukwa mafoni owopseza amapita kwa amene ali ndi malipiro a mwezi ndi mtima wofewa.

Mfundo yathu inali yakuti malipiro amene amadzutsa nthawi ndi ochokera kwa mwini ngongole kapena munthu amene iye wamutuma. Mwana amene walipira mwa yekha, bambo ake osadziwa, chifukwa chowopsezedwa ndi bodza, si wotumidwa. Umboni unalipo wabwino. Kuchokera mu 2018 manambala a foni amalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, choncho panalibe kukangana za mwini nambala. Mtsikanayo anakatenga stetimenti ya akaunti yake ya pa foni ku kampani ya foni, ndipo inasonyeza ndalama zikulowa kwa ejenti wa ku Mchinji n'kutuluka pasanathe mphindi khumi. Mphunzitsi amene anamukongoza anali wokonzeka kuchitira umboni. Ndinkaona kuti tili pabwino.

Zinasintha pamene tinkakonza chikalata cholumbira cha bambowa. Ndinalemba chiganizo chakuti sanadziwe za K30,000 mpaka mu 2024, n'kuwawerengera m'Chichewa monga ndimachitira ndi chikalata chilichonse munthu asanasaine. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Apo pokha ayi. Amayi akewa anandiuza chaka chotsatira. Ndinamutumizira mwanayu matumba awiri a chimanga titakolola, kuti asaluze yekha." Pamene ankakana poyamba paja ankatanthauza kuti sanatumize ndi dzanja lawo, ndipo m'maganizo mwawo sananame. Kwa iwo chimangacho chinali chikondi cha kholo. Kwa loya wa banki chikanakhala umboni woti bambowa anavomereza pambuyo pake zimene mwana anachita m'dzina lawo, zimene m'malamulo zingathe kumusandutsa mwanayo wotumidwa kuchokera tsiku lomwe analipira. Tinali nalo yankho: kupepesa mwana ndi chimanga si kuuza banki kuti malipiro aja ndi anga, ndipo banki sinadziwe n'komwe za chimangacho. Koma yankho limeneli likanadalira mmene majisitireti akanawamvera bambowa akufunsidwa mafunso, ndipo munthu woona mtima ngati ameneyu akanafunsidwa kuti "Kodi munakondwera kuti mwana wanu anakulipirirani?" akanayankha kuti inde.

Chiganizo chija tinachichotsa. Panalibe zokambirana pamenepo. Sitingaike m'chikalata cholumbira chinthu chimene tikudziwa kuti si choona, ndipo kuwaphunzitsa kuiwala chimanga kukanakhala kuwaika pa mlandu waukulu kuposa wa ngongole. Kuwerengera munthu chikalata m'chilankhulo chake, pang'onopang'ono, kumadya nthawi, koma kupanda kutero bwenzi nkhani ya chimanga titaimvera koyamba m'khoti, pamaso pa loya wa mbali inayo.

Apa ndinawakhazika pansi onse atatu n'kuwayalira njira ziwiri. Kupitiriza mlandu kukanatha kuwamasula osalipira kanthu, koma tikaluza ndiye K1,870,000 ndi zina pamwamba. Kukambirana kukanawadyera ndalama, koma zodziwika. Chimene chinapendeketsa sikelo sichinali mantha okha. Bambowa ankafuna ngongole ya pampu ya sola yothirira dimba, ndipo anali atakanidwa kale kawiri osauzidwa bwino chifukwa. Kuchokera pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, mabanki ndi mabungwe obwereketsa amatumiza mbiri ya okongola ku mabungwe osunga mbiriyi, ndipo wobwereketsa wina amaiona. Kupambana pa mfundo ya nthawi kukanatseka khomo la khoti, koma sikukanalemba paliponse kuti ngongole inalipidwa. Komanso iwo eni ananena mawu amene sindinawatsutse: "Zimene ndinadya ndibweza. Zimene anaonjezera okhazo ndiye ayi."

Mphamvu zokambirana tinali nazo, ndipo sizinali za nthawi zokha. Stetimenti imene banki inatipatsa inali ndi mpata wa miyezi yambiri pakati pa 2017 ndi 2018, pamene chiwerengero chinangodumpha popanda mizere yosonyeza mmene chinakwerera. Munalinso chindapusa cha kuchedwa chimene chinkalowa mwezi uliwonse khadi litatsekedwa kale, chiwongoladzanja n'kumakwera pamwamba pa chindapusacho. Tinawakumbutsa kuti Loans Recovery Act imapatsa khoti mphamvu yotsegulanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chapyola muyeso ndipo mgwirizanowo ndi wofinya. Tinawauzanso kuti mphunzitsi uja adzafotokoza m'khoti, anthu akumva, za foni ya apolisi abodza, ndi kuti dandaulo lake lingathe kupitanso kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank. Banki imene ikudalira K30,000 yotoleredwa mwa njira imeneyo kuti ipulumutse mlandu wake siili pamalo okoma, ndipo loya wawo, munthu wodziwa ntchito yake, anazindikira zimenezi msanga.

Kalata iliyonse ya zokambiranazi inali ndi mawu oti without prejudice pamwamba, kutanthauza kuti zolembedwamo zisagwiritsidwe ntchito ngati umboni kukhoti, ndipo inalembedwa mosavomera kuti bambowa ali ndi ngongole yotoleka. Pa mlandu wa nthawi ichi si mwambo chabe. Kalata ya loya ndi kalata ya wotumidwa, yolembedwa ndi kusainidwa. Mukailemba mosasamala, "kasitomala wathu akuvomera ngongoleyi koma akupempha kuchotserako", mwaipatsa banki ndi dzanja lanu chimene inkachisowa kwa zaka 8. Ndawonapo makalata otere olembedwa ndi anthu a mtima wabwino m'maofesi othandiza anthu, ngakhale ndi abusa ofuna kuyanjanitsa.

Tinagwirizana pa K390,000, kutanthauza K420,000 ya 2016 kuchotsapo K30,000 ya mwana uja, popanda chiwongoladzanja, mbali iliyonse kulipira maloya ake. Tikakumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi inali yopepuka kwambiri poyerekeza ndi imene anakongola. Pa kalembedwe ka mgwirizano ndi pamene tinalimbana kwambiri, chifukwa mgwirizano ukasainidwa ndi khoti umasanduka chigamulo, ndipo chitetezo cha nthawi chimathera pomwepo. Banki inkafuna ndime yakuti akaphonya gawo limodzi, K1,870,000 yonse ibwerere. Tinakana. Tinalemba kuti akaphonya, chotoleka ndi chotsala pa K390,000 basi. Inkafunanso malipiro a mwezi ndi mwezi. Mlimi wa fodya alibe mwezi ndi mwezi, ndalama zake zimabwera msika ukatsegulidwa ndipo pofika Januwale m'thumba mumakhala mbee. Tinaika magawo awiri: loyamba asanatseke msika wa 2024, lachiwiri pofika kumapeto kwa Julaye 2025. Tinaonjeza kuti ndalama zizilowa mu akaunti ya banki yotchulidwa mu mgwirizano, osati pa nambala ya foni ya munthu, kuti otolera ngongole asaimbirenso aliyense wa m'banjamo, ndi kuti gawo lomaliza likalowa banki ipereke kalata yoti ngongole yatha ndi kukonza mbiri yawo kumene inaitumiza.

Njinga, sola ndi batire zinabwerera chigamulo chitachotsedwa ndi za masherifu zitalipidwa, ngakhale batire inabwera itafa chifukwa chokhalitsa osatchajidwa, ndipo bambowa anasankha kusailondola. Gawo loyamba analipira pa nthawi yake. Mu Disembala wotolera ngongole wina, amene mwina fayilo yake inali isanasinthidwe, anaimbiranso mphunzitsi uja. Ulendo uno sanatumize kanthu, anangolemba nambala ndi nthawi n'kutitumizira, ndipo kalata imodzi kwa maloya a banki inathetsa zimenezo. Gawo lachiwiri linalowa mu Juni 2025, mabelo oyamba atangogulitsidwa pa Chinkhoma.

Kalata yoti ngongole yatha inachedwa miyezi iwiri, ndipo inatuluka titakumbutsa polemba. Kukonza mbiri kunachedwa kuposa apo. Tinawauza bambowa kuti akapemphe okha lipoti la mbiri yawo ya ngongole, ndipo loyamba linkasonyezabe ngongole yosalipidwa. Tinatumiza kope la mgwirizano ndi kalata ya banki ku bungwe losunga mbiriyo ndi ku banki komwe, ndipo lipoti lotsatira linasonyeza kuti akaunti inatsekedwa italipidwa. Pempho lawo la ngongole ya pampu analipereka ku SACCO ina pa boma, atamata kalata ya banki ija pamwamba pa fomu. Pa mzere wa wachibale analemba dzina la mkazi wawo, atawafunsa kaye.